Tawonga Atakana Beseni Lake

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha usipa. Ndinali nditangofika mu Lilongwe kuchokera kwathu ku Dowa, sukulu itandikanika, ndipo ndinkakhala kwa azakhali anga ku Mgona. Azakhaliwo amagulitsa nsomba zouma mumsika wa Nsungwi. Anali ndi kasitomala wina amene ankawadabwitsa, mayi wachikulire wa magalasi, amene Loweruka lililonse ankasankha usipa umodziumodzi, kuununkhiza, wina n'kuubweza. Tsiku lina azakhali analephera kupirira, anafunsa ngati kunyumba kuli wodwala. Mayiwo anati ayi, usipawo ndi wa mphaka, ndipo akufunafuna mtsikana wothandiza ntchito zapakhomo amene saopa amphaka.

Azakhali atandiuza, ndinawafunsa kawiri ngati munthu wogulira mphaka ndiwo ali bwinobwino. Kwathu mphaka amadya chimene wagwira yekha, ndipo mphaka wogona pabedi la munthu timamuyang'ana ndi diso lina, mwini wakenso chimodzimodzi. Azakhali anangoti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ntchito ukuifuna ndiwe." Lolemba m'mawa ndinali pageti pawo ku Area 25, kachikwama kanga m'manja.

Dzina lawo linali Amayi Gondwe, namwino wopuma pantchito, kwawo ku Rumphi. Amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, ana onse ali kutali. Asanandionetse ngakhale pogona, anandionetsa mphaka. Anali wamkazi, wotuwa, mapazi oyera ngati wavala masokosi, dzina lake Tawonga. Ndinadziletsa kuseka, chifukwa ndinaphunzirapo ndi mtsikana wa dzina lomwelo. Amayi anati malemu amuna awo anamutola m'ngalande ali kamwana, n'kumamumwetsa mkaka ndi sipuni. "Amene anatsala nane m'nyumba muno ndi ameneyu, Esinati. Ukamuzunza, wazunza ine."

Anthu ambiri amaganiza kuti kusamala mphaka wa m'nyumba ndi kumupatsa chakudya basi. Ntchito yeniyeni ili pa beseni. Tawonga sankatuluka panja, choncho ankadzithandizira m'beseni lalikulu la pulasitiki lokhala ndi mchenga. Mchengawo unali wa kumtsinje, wogula kwa anyamata a mawilibala, koma sunkangothiridwa momwe wabwerera. Ndinkausefa ndi sefa ya waya kuti miyala ndi zinyalala zitsale, kenako n'kuuyanika pa thumba padzuwa tsiku lathunthu, chifukwa mphaka sakonda kuponda ponyowa. M'beseni ndinkathiramo wofika zala zinayi kuya kwake. M'mawa ndi madzulo ndinkavala magolovesi n'kuchotsa chimbudzi ndi mchenga wonyowa pogwiritsa ntchito kafosholo kodula ku botolo la mafuta ophikira, kobowola ndi msomali wamoto. Loweruka ndinkataya mchenga wonse, kutsuka beseni ndi madzi otentha ndi sopo wamtanda wopanda fungo, n'kuliumitsa. Beseni limenelo linkakhala mukanjira kopita kukhomo la kumbuyo, pafupi penipeni ndi chitseko cha zitsulo chimene masana tinkachisiya chokha kuti mphepo izilowa.

Amayi sankandikhulupirira, ndipo sankabisa. Akamachoka ankakhoma chipinda chawo, stolo ndi geti, makiyi onse m'chikwama. Nthawi zina ankabwerera patangopita mphindi khumi, ati aiwala Baibulo, chonsecho Baibulo lili m'khwapa. Akalowa ankanyamula Tawonga n'kumusisita m'nthiti pang'onopang'ono ngati akufufuza chotupa, maso ali pa ine. Zinkandiwawa, koma nanenso ndinali ndi zanga. Sindinkadya chilichonse chimene mphakayo wadutsapo, ndipo akandiyang'anitsitsa ndi maso ake achikasu aja ndinkanena kapemphero kachidule mumtima.

Panali lamulo limodzi limene linandikanika kuyambira sabata yoyamba. Tawonga ankadya usipa wowiritsa wopanda mchere, ndipo zimene wasiya m'mbale Amayi ankati ndizikataya kudzala n'kukwirira. Ine ndinakulira pakhomo pamene mutu wa usipa ukagwa pansi umautola, kuupukuta, n'kudya. Kukwirira ndiwo m'dothi ndinkaona ngati tchimo. Ndiye tsiku lina ndikupita kudzala ndinaona mphaka wina pampanda, wamphongo, wofiirira, wowonda nthiti kuwerengeka, khutu limodzi long'ambika. Ndinamuikira zotsalazo pa chivundikiro cha poto wakale, kuseri kwa chitseko cha kumbuyo pamene Amayi sakanaona. Mawa lake anabweranso. Posakhalitsa inakhala nthawi yathu: folo koloko, Amayi akamapumula m'chipinda ndi wailesi yawo, aKhutu, monga ndinkawatchulira, ankatsika pampanda. Ndinkadziuza kuti ndikuthandiza pakhomo, popeza mphaka wotere sangasiye khoswe kustolo. Zoona zake n'zakuti m'tauni monsemo, iyeyo yekha ndi amene ankasangalala akandiona.

Patatha mwezi, mavuto anayamba. Tsiku loyamba ndinapeza kapeti wa pabalaza atanyowa pakona. Amayi ananunkhiza n'kundiyang'ana. Patapita masiku awiri zinali pampando wa malemu amuna awo, umene panalibe wina wololedwa kukhalapo. Kenako m'basiketi ya zovala zochapa. Ndikapita kubeseni ndi kafosholo kanga ndinkapeza mchenga uli chisalalire, wosapondedwa. Tawonga anasiya kudya bwino, ankangobisala kunsi kwa sofa, n'kumadzinyambita pamimba mpaka ubweya unayamba kuthothoka.

Mafunso a Amayi anasintha. "Tsache ili likutani pabalaza?" "Dzulo ndili kutchalitchi, anthu akuti anamva mphaka akulira. Kunali chiyani?" Ndinkalumbira kuti sindinamukhudze, koma munthu akamalumbira kwambiri ndi pamene amaoneka wolakwa. Ndinadziwa kuti ntchito ili m'madzi, ndipo kubwerera ku Mgona kukauza azakhali kuti ndachotsedwa chifukwa cha mkodzo wa mphaka ndinkachita nako manyazi ndisanapite n'komwe.

Popeza ine ndinkadziwa kuti sindinamumenye, ndinayamba kufunafuna wolakwa, ndipo ndinamupeza msanga. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala mayi wina wochita lendi, aNaphiri. Tsiku lina tikuyanika zovala, aliyense mbali yake, anandifunsa kuti, "Mwalowa bwanji pamenepo, asisi? Mwana wa mchemwali wanga anakafunsa ntchito yomweyo, anamukana." Ananena akuseka, koma ine ndinasunga. Kenako ndinayamba kuona mikwingwirima yonyowa pachitseko cha kumbuyo, cha kunja, yofika m'mawondo, fungo lake lokhakhala pakhosi. Ndinangoti basi, nkhani ndi imeneyi: mayi uja akuwaza mankhwala kuti mphaka apenge, ine ndichoke, mwana wa mchemwali wake alowe. Ndinawaza mchere pakhomopo monga tinkachitira kwathu. Ndinatenganso mankhwala oyeretsera zovala, onunkha kwambiri aja, n'kukwecha nawo chitseko, pansi, ngakhale beseni lenilenilo, chonsecho Amayi anali atandiletsa. Tawonga anafika pakhomo la kanjirako, ananunkhiza kamodzi, n'kubwerera chothamanga. Madzulo ake ndikuwapatsira Amayi tiyi ndinaponyako mawu, ndinati aNaphiri sindikuwamvetsa, amakonda kusuzumira pampanda. Ndinaona kuti Amayi amva.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Tsiku loipitsitsa linali Lachinayi, tsiku la msonkhano wa amayi a mpingo, ndipo sabata imeneyo wolalikira anali Amayi Gondwe. Ndinadzuka molawirira, ndinasita bulauzi yawo yoyera ija mpaka inaima yokha, mpango woyera ndi siketi yakuda, n'kuziyala pabedi pawo iwo akusamba. Chitseko cha kuchipinda ndinachisiya chotsekula pang'ono. Ndili kukhitchini ndinangomva, "Esinati!" Sindinawamvepo akufuula choncho.

Pakati pa bulauzi panali chibanga chachikasu, chikufalikirabe. Tawonga anali pakona, makutu atagona, akunjenjemera. Amayi anali chiimire ndi thaulo paphewa, ndipo sanayang'ane bulauziyo ayi, anayang'ana ine. "Mwana ameneyu zaka zisanu ndi chimodzi sanachitepo zimenezi. Wabwera iwe, wayamba. Ukumuchita chiyani ndikachoka?" Ndinati sindimuchita kanthu. Iwo anati, "Longedza katundu wako. Koma usachoke. Ndikuitana adokotala a ziweto, amuyeze iwe uli pompano, kuti akapeza bala usadzati ndinakunamizira." Kumsonkhano sanapite. Anaimba foni kuti wina alalikire m'malo mwawo, ndipo ndinawamva akunena kuti pakhomo sipali bwino.

Ndinalongedza. Zinthu zanga zonse zinakwana m'kachikwama komwe ndinabwera nako, ndipo ndinakhala nako pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ndinalira, osati chifukwa cha ntchito yokha, koma chifukwa chotengedwa ngati munthu wankhanza. Ndinkangoyang'ana kumpanda wa aNaphiri mtima ukutentha.

Adokotala anafika cha m'ma fili koloko pa njinga yamoto. Anali mayi wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula, amene ndinaganiza kuti Amayi amuuza kale zoti adzanene. Anamuika Tawonga patebulo pa thaulo, anamuyeza kutentha, anamutsegula kukamwa, anamusisita msana ndi miyendo, kenako anamufinya pang'ono m'munsi mwa mimba kuti amve ngati chikhodzodzo chatupa kapena chikupweteka. Anafunsa ngati mkodzo uli ndi magazi, ngati amalira pokodza, ngati amakodza timadontho kapena wambiri. Anatiuza kuti mphaka akasiya beseni choyamba n'kufufuza matenda, ndipo mphaka wokanika kukodza n'komwe asamagonetsedwe pakhomo, azithamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Anatenga mkodzo pang'ono kuti akauyeze, kenako anati, "Bala palibe, ndipo sindikuona matenda. Mphaka uyu sanamenyedwe. Ali ndi nkhawa."

Ndikanakhala kuti sindinali pamoto ndikanaseka. Nkhawa ya chiyani, munthu wosaphika, wosachapa, wosalimbirana mpando m'minibasi? Koma adokotala sanali kuseka. Anapempha kuti aone beseni. Atafika mukanjira muja anagwira mphuno n'kufunsa amene watsuka ndi mankhwala onunkha. Ndinavomera. Anati fungo limene kwa ife likusonyeza ukhondo, kwa mphaka likuthamangitsa, koma si chiyambi cha nkhaniyo. Anatsegula chitseko cha zitsulo, anagwada panja, anayang'ana mikwingwirima ija, ananunkhiza. "Mkodzo uwu si wa Tawonga. Uwu ndi wa mphaka wamphongo wa kunja, akulemba malire. Amaima apa n'kumayang'ana mkati, ndipo beseni lili pamphuno pake. Inuyo mungadzithandize munthu wachilendo ataima pakhomo la chimbudzi akukuyang'anitsitsani?" Anati ndiye chifukwa chake Tawonga ankasankha mpando wa malemu, zovala ndi bedi, malo onunkhira eni ake, pamene ankamva kuti ndi wotetezeka. Kenako anaimirira n'kufunsa, "Koma mphaka sabwera pamalo tsiku ndi tsiku popanda chomukoka. Alipo amene akumudyetsa pafupi pano?"

Chivundikiro chija chinali kuseri kwa ndowa, mapazi awiri kuchokera pamene adokotala anaima.

Ndisanatsegule pakamwa Amayi anati, "Ndikumudziwa." Anayang'ana kumpanda. "Mayi wa kuseriyu. Mtsikanayu anandiuza kale kuti amasuzumira kuno." Analowa m'nyumba, anatuluka akumanga chitenje m'chiuno, makiyi a geti m'manja. Anati akupita kukalankhula ndi aNaphiri, ndipo akakana, akaonana ndi mwini nyumba yawo.

Apa ndi pamene sindidzaiwala. Njira inali yotseguka. Ndikanangokhala chete, mlandu ukanagwera aNaphiri, ine ndikanamasula kachikwama kanga, chivundikiro ndikanachitaya kudzala, nkhani n'kutha. Ndipo ndinakhaladi chete mpaka Amayi anafika pakati pa bwalo. Koma ndinaganiza za mayi uja, wa ana atatu m'chipinda chimodzi cha lendi, akuitanidwa ndi mwini nyumba chifukwa cha mawu amene ndinawaponya ine pa tiyi. Tsiku lomwelo ndinali nditalawa kukayikiridwa popanda mlandu, ndipo kuwawa kwake ndinali ndikukumvabe m'kamwa.

"Amayi, musapite. Ndine."

Anatembenuka. Ndinasuntha ndowa, ndinatenga chivundikiro, timitu ta usipa tikadali pomwepo. Ndinafotokoza zonse, za kudzala, za folo koloko, za mchere, ndi zoti aNaphiri palibe chimene anachita koma kufunsa funso limodzi pampanda. Ndipo ngati kuti wina wawaitana kudzachitira umboni, aKhutu anatulukira pampanda pa nthawi yawo, anatsika, anadutsa adokotala, anadutsa Amayi, n'kudzadzikhuza m'miyendo mwanga akulira.

Adokotala anaseka mpaka kugwira chipupa. Amayi sanaseke. Anafunsa chifukwa chimene sindinawauze. Ndinati ndinkaopa, komanso sindinadziwe kuti zikugwirizana. Iwo anati, "Ndinakuuza kuti uzikwirira. Unkaganiza kuti ndine wamisala wongotaya ndiwo?" Ndinavomera kuti ndinkaganizadi choncho, chifukwa pamenepo kunama kunalibenso ntchito. Anamasula chitenje chija pang'onopang'ono. "Wawononga ndiwe, ukonza ndiwe. Masabata awiri. Akapanda kubwerera kubeseni, kachikwama kako usakamasule."

Adokotala anandilembera zochita papepala, ndipo ndinazitsata ngati mankhwala a chipatala. Beseni lakale tinalitaya chifukwa pulasitiki imasunga fungo. Tinagula awiri atsopano, popeza mphaka mmodzi amafunika mabeseni awiri kuti akaopa kwina azikhala ndi kothawira. Limodzi ndinaliika m'chipinda cha alendo, pakona yabata, lina kuseri kwa sofa kumene ankabisala, onse kutali ndi chakudya chake ndiponso kutali ndi chitseko cha kumbuyo. M'munsi mwa chitseko cha zitsulo ndinamangamo katoni kuti asaone kunja. Malo onse amene anakodzapo ndinawatsuka ndi madzi ofunda ndi sopo wa ufa, kenako viniga wosungunula ndi madzi, n'kuumitsa bwinobwino, chifukwa fungo likatsala amabwereranso pomwepo. Zitseko za zipinda zogona zinkakhala zotseka. Chakudya ankalandira pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo madzulo ndinkakhala pansi n'kumamukokera chingwe chomangirira nthenga ya nkhuku kuti azithamangitsa. Akaphonya n'kukodza pena, panalibe kukalipa kapena kumukhuza mphuno pamkodzo monga ena amachitira. Ndinkangopukuta mwakachetechete. AKhutu anatengedwa ndi adokotala, anakawafula, ndipo azakhali anawalandira ku Mgona kumene makoswe ankawathera nsomba m'matumba.

Masiku asanu oyamba mchenga unali chisalalire, ndipo Tawonga anakodzanso kawiri pakapeti. Usiku ndinkagona kachikwama kali kumutu. Amayi sankandilankhula kupatula za ntchito. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anadya mbale yonse. Lachisanu ndi chinayi, m'mawa ndikukolopa mukanjira, ndinamva kaphokoso kuchokera m'chipinda cha alendo, *kwe-kwe-kwe*, zikhadabo zikupalasa mchenga. Ndinasiya kukolopa. Nditacheuka ndinapeza Amayi aima kumbuyo kwanga, chala pamlomo. Tinaima choncho, namwino wopuma pantchito ndi mtsikana wa ku Dowa, kumvetsera mphaka akukwirira chimbudzi chake ngati tikumvera kwaya. Atatuluka, mchira uli m'mwamba, Amayi anapukuta magalasi awo ndi nsonga ya chitenje n'kunena m'chinenero chakwawo, "Yewo." Sindikudziwa ngati ankathokoza ine, mphaka, kapena Mulungu.

Masana omwewo ndinapita kwa aNaphiri ndi tomato wa m'dimba la Amayi. Ndinawauza zimene ndinkawaganizira. Anandiyang'ana modabwa, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. "Ine mankhwala? Asisi, ine mphaka ndimamuopa!" Mwana wa mchemwali wawo uja anali atapeza kale ntchito ku Chilinde ine ndisanafike n'komwe.

Ndinakhala kwa Amayi Gondwe zaka zinayi. Lero ndimathandiza adokotala aja, ndipo akamva za mphaka wosiya beseni nthawi zambiri amatuma ine kukaona nyumbayo iwo akamaliza kuyeza matenda. Kulikonse kumene ndafika ndimapeza wina akukayikiridwa kale: wantchito, mwana wopeza, woyandikana naye nyumba, kapena mphakayo, ati ndi mwano. Sindiyamba ndi kufunsa kuti walakwa ndani. Ndimagwada pamene pali beseni, maso anga afanane ndi a mphaka, n'kuyang'ana chimene iye amaona akakhala pamenepo. Kenako ndimatengera wantchito pambali, kumene abwana sakumva, n'kumufunsa mofatsa chimene chinasintha pakhomo, ngakhale chabwino chimene iye amachita mobisa. Ndimayamba ndi kumuuza za chivundikiro changa, ndipo ambiri akamva amamasuka.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi mwezi wotsatira nkhani ija. Amayi ankapita ku Rumphi kukaona manda a amuna awo, ulendo wa masabata atatu, ndipo ndinkayembekeza kuti andibweza kaye ku Mgona n'kuitana wachibale kudzalonda nyumba. M'mawa wa ulendowo, takisi ikudikira pageti, anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa makiyi onse, a geti, a stolo, ndi wa kuchipinda kwawo. Anawaika m'manja mwanga n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

"Zotsala uzikwirira," anatero.

Ndinaima pageti mphindi khumi, kenako makumi awiri, kudikira kuti abwerere kudzatenga Baibulo. Sanabwerere.